Kotter, Fullan kapena Robinson: ahedi ayambe ndi buku liti?

Chikhalireni mphunzitsi wamkulu, anzanga amene angokwezedwa kumene amandifunsa funso lomwelomwelo: "Kodi tiwerenge chiyani?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi.

Ndiyambe ndi pomwe ndinapsa. Chaka changa choyamba ndinalembetsa pa tsamba lina la pa intaneti logulitsa chidule cha mabuku a utsogoleri, ati buku lonse m'mphindi 15. Sabata yoyamba inali yaulere, koma anafuna nambala ya khadi langa la kubanki. Sabata itangotha anandidula ndalama za chaka chathunthu, ndipo chaka chotsatira anadulanso osandifunsa. Zonsezi akuti zinalembedwa, m'timalemba tating'onoting'ono tomwe sindinationepo. Safunsa anadya phula. Komabe ndalamazo si zimene zinandiwawa kwambiri.

Pa tsambalo ndinawerengapo chidule cha Leading Change, buku la John Kotter wa ku Harvard Business School, la 1996. Lili ndi masitepe 8 otsogolera kusintha kwa zinthu pantchito, ndipo loyamba ndi kudzidzimutsa anthu kuti aone kuti zinthu zafika pothina. Ine ndinagwira chokhacho. Ndinaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi, n'kulemba zotsatira za mayeso pa bolodi, n'kuyamba kulalikira. Onse anangoti zii. Anthuwo zotsatirazo ankazidziwa kale kuposa ine, ndipo anali otopa. Teremu yonseyo mapulani a maphunziro ankabwera olembedwa bwino kuti ine ndisayine, koma m'kalasi zonse zinali zakale zomwe zija. Nditawerenga buku lenilenilo ndinapeza kuti Kotter amalimbikira zoti upeze kaye gulu la anthu odalirika oti muyendetse nawo kusinthako, komanso kuti anthu aone msanga zipatso zing'onozing'ono. Chidule chija chinangozitchula m'mizere iwiri. Si buku loipa ayi. Vuto ndi lakuti analilembera makampani, komwe bwana amalemba ndi kuchotsa anthu ntchito, amakweza malipiro. Ahedi ambiri mphamvu zimenezo alibe.

Michael Fullan wa ku Toronto ndi munthu wa zamaphunziro, ndipo Leading in a Culture of Change la 2001 limamveka ngati lolembedwa ndi munthu wodziwa sukulu. Amatchula zinthu zisanu zofunika kwa mtsogoleri, koma ine chinandipulumutsa ndi chimodzi: akuti chatsopano chikangoyamba, ntchito imayamba yatsika kaye isanakwere, chifukwa anthu asiya zomwe anazolowera koma zatsopanozo sanazigwire. Titasintha kaphunzitsidwe ka kuwerenga, miyezi yoyamba zinthu zinasokonekeradi, ndipo ndikanapanda kudziwa izi ndikanabwerera m'mbuyo. Chondidandaulitsa ndi chakuti umatseka bukulo mtima uli m'malo, koma Lolemba m'mawa sudziwa poyambira.

Poyambirapo ndi pamene Viviane Robinson wa ku yunivesite ya Auckland amawaposa onse awiri, ndipo ndivomere kuti pano ndine wokondera. Student-Centered Leadership la 2011 linachokera pa kafukufuku amene iye ndi anzake anatulutsa mu 2008, wofufuza kuti pa ntchito zonse za mtsogoleri wa sukulu, ndi ziti zimene zimafikadi pa kukhoza kwa ana. Anazigawa m'magulu asanu. Kusunga bata ndi chitetezo pasukulu kunapeza 0.27 pa muyeso wawo, pomwe nambala ikakula ndiye kuti ntchitoyo ikuthandiza kwambiri kukhoza kwa ana. Kukhazikitsa zolinga kunapeza 0.42. Kutsogolera aphunzitsi pa kuphunzira kwawo, mtsogoleriyo akuphunzira nawo limodzi, kunapeza 0.84.

Manambala amenewa anandichititsa manyazi. Tsiku langa lonse linkathera pa ana ochedwa, milandu ndi makalata, ndipo aphunzitsi akakhala pa maphunziro awo ine ndinkangotsegulira ndi mawu awiri n'kubwerera ku ofesi. Tsopano ndimakhala mpaka mapeto, ndi kope langa, ndipo funso likandikanika ndimanena. Robinson amaphunzitsanso kayankhulidwe ndi mphunzitsi amene ntchito yake ikukayikitsa: nena chimene waona, nena chifukwa chake chikukudetsa nkhawa, kenako funsa kuti iye akuziona bwanji, uli wokonzeka kumva kuti mwina walakwa ndiwe. N'zovuta kuchita kuposa mmene zikumvekera. Buku lake si lotsekemera kuwerenga ngati la Fullan, machaputala ena umafunika kubwereza kawiri.

Amene thumba silikulola, bungwe la Education Endowment Foundation la ku England lili ndi kabuku kaulere pa intaneti kofotokoza kakhazikitsidwe ka zinthu zatsopano pasukulu. Kanatuluka mu 2018, anakakonzanso mu 2024. Kamakuyendetsa pa kufufuza vuto, kukonzekera, kuchita ndi kusunga zomwe zayambika. N'kouma, zitsanzo zake ndi za kwawoko, koma safunsa khadi la kubanki.

Ndiye mukandifunsa, yambani ndi Robinson, Fullan mumutsegule pamene zinthu zayamba kuterera mkati mwa teremu. Kotter wanga ali pa shelefu, wobwereka atenge. Robinson musandipemphe, anatenga achiwiri anga teremu yatha ndipo mpaka pano sanabweze.