Urea, manyowa kapena Mbeya pa bedi la sitiroberi

Dothi lambiri la kuno ku Kasungu ndi lamchenga, ndipo minda ina inatopa kale ndi fodya. Sitiroberi mizu yake siipita pansi, imayenda pamwamba pomwe pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa zinyalala n'kumasula chakudya cha mbewu. Choncho posankha feteleza ndimayamba ndafunsa kuti tizilomboti tidya chiyani.

Urea amagwira msanga, masamba amabiriwira sabata yomweyo. Koma alibe chakudya cha tizilombo, ndipo mabakiteriya akamasintha amoniya wake kukhala nayitireti, dothi limawawasa pang'onopang'ono. Pa mchenga izi zimachitika msanga. Sitiroberi imakonda pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya 5.5 mpaka 6.5, dothi likawawasa kuposa apo mabakiteriya ambiri amafooka. Ukachulutsanso Urea, zipatso zimafewa n'kuola ndi nkhungu yotuwa. CAN sawawasitsa dothi kwambiri chotero, n'chifukwa chake pobereketsa ndimakonda iyeyo.

D-Compound ali ndi potashi wothandiza zipatso, koma fosifolasi wake akachuluka, mafangayi amene amamatirira kumizu n'kumaitungira madzi ndi chakudya amachepa.

Manyowa a khola ndiwo amadyetsadi tizilombo. Amachedwa, inde, koma bedi limasunga chinyezi m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene tikuthirira ndi khenu, nyongolotsi zimabwerera, ndipo tizilombo tabwino tikachuluka timalimbana ndi toyambitsa matenda a mizu. Pamene panali fodya kapena tomato zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa manematodi, tinyongolotsi ting'onoting'ono totupitsa mizu, amatsalira m'nthaka, ngakhale manyowa okha sangawathetse. Chachikulu n'chakuti aole bwinobwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mizu, komanso chipatso ichi chimagona pansi ndipo ana amachidya chosaphika. Ndowe zaziwisi ndiye ayi ndithu.

Mbeya, feteleza wopanga tokha, ali pakati: ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, zomangidwa m'thumba masiku 21. Gaga amadyetsa tizilombo, phulusa limachepetsa kuwawasa. Kwa amene thumba la feteleza lamukulira mtengo, uyu ndi wabwino, bola phulusa lisapyole muyeso.

Ine ndimasakaniza manyowa owola ndi dothi milungu ingapo ndisanaokere, n'kuthira D-Compound pang'ono chabe, kenako n'kuphimbira ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza. Urea ndimamusiyira chimanga.