Windy, Yr, app ya mufoni kapena a zanyengo: tidalire ziti kuno ku Mzuzu?

Palibe app imene imayeza mvula ku Katoto kapena ku Luwinga. Zonse zimatenga ulosi wa makompyuta akunja amene amagawa dziko m'timabokosi, kabokosi kalikonse yankho limodzi. Ka ECMWF ya ku Ulaya ndi makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ka GFS ya ku America ndi kokulirapo. Tsono Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene nyanja ku Nkhata Bay siifika ndi 500 omwe. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ikakwera mapiri imabala nkhungu ndi mvula yamawawa zimene timabokosi timeneti timaziphonya. N'chifukwa chake foni imaonetsa dzuwa, ku Chibavi anthu akuanula zovala, ku Ekwendeni kuli gwa.

App yobwera ndi foni ndiyo yonamiza kwambiri. Za kuzizira kwa June ndi July imayesetsa, koma za mvula imangoika kamtambo ndi 40%. Nambala imeneyo ndi mwayi woti mvula igwe, osati kuchuluka kwake.

Yr, ya a zanyengo a ku Norway, njaulere, ilibe zotsatsa ndipo siimaliza bandulo. Imatenga za ECMWF n'kuonetsa mamilimita pa ola. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Ikalemba 1 kapena 2 ndi zowaza chabe, ikafika 20 phimbani njerwa zosaotcha.

Windy imadya data, komabe ndiyo yothandiza. Sankhani Mzuzu, muyerekeze ulosi wa ECMWF, GFS ndi ICON ya ku Germany. Zikagwirizana khulupirirani, zikasiyana, wakabaza asasiye lenikoti. Kenaka tsegulani chithunzi cha satelayiti: chimenecho si ulosi, ndi mitambo yeniyeni, ndipo muona ngati ikubwera kuchokera kunyanja. Pa mwera ndi mphepo yapanyanja Windy imachita bwino kuposa pa mvula.

Nthambi ya boma yoona zanyengo ili ndi malo oyezera nyengo m'dziko momwe muno, ndipo akatswiri ake amawadziwa mapiri a Viphya. Ulosi wawo pa wailesi ndi pa Facebook umakamba za chigawo kapena boma lonse, sunganene ola limene mvula igwe ku Zolozolo. Koma akachenjeza za mvula yamphamvu, makamaka mu March ndi April, a m'malo otsetsereka ngati ku Masasa mverani iwowo, osati foni.

Ulosi wa mvula wopitirira masiku atatu, wa app iliyonse, musabzalire chimanga.