Ndinayezetsa dothi la m'munda mwanga ku labotale, nazi zimene ndinaona

Chimene chinandituma kukayezetsa dothi ndi masamba a chimanga. Zaka zitatu zotsatizana, chikangofika m'mawondo, masamba anthete ankatuluka ndi mizere yoyera uku ndi uku, msempha wapakati wokha n'kukhala wobiriwira. Mfundo za phesi zinkathinana, mbewu yonse yopinimbira. Ndinawonjezera feteleza wobereketsa poganiza kuti ndi njala ya nayitrojeni, koma osaphula kanthu. Aliyense amene ndinkamuonetsa ankangoti nthaka yaguga. Ine mawu amenewa sankandikwanira. Chatha m'nthakamo n'chiyani? Ndipo ngati m'dothi mulibe, m'chakudya chimene ana anga akudya chichokera kuti?

Ndinayamba ndi kabokosi koyezera wekha kunyumba, kaja kokhala ndi timabotolo ndi pepala la mitundu. Pa asidi kanandithandiza pang'ono. Pa zina zonse madzi ankangotuluka mtundu wosadziwika bwino, woti ukayang'anira padzuwa ukuoneka wina, pamthunzi wina. Za michere ya m'dothi ngati zinki kapena ayironi sikanena chilichonse. Musatayirepo ndalama ngati nkhawa yanu ili pa thanzi la chakudya.

Labotale imene ndinapitako inandisangalatsa poyambirira penipeni, pa malangizo a katengedwe ka dothi. Anandipatsa pepala limodzi lomveka bwino. Uyende m'munda mokhotakhota, ukumbe malo 15 kapena 20, kuya kwake masentimita 20, upewe pamene panali dzala, pachulu ndi pamene unawotchapo zinyalala. Dothi lonselo ulisakanize, uliyanike pamthunzi, utapepo theka la kilogalamu. Mzere umodzi anaulemba ndi zilembo zikuluzikulu: osasakanizira mu ndowa yachitsulo yonyezimira ija. Nditafunsa chifukwa, mayi wa pa kauntala anati, "Bambo, ndowa zimenezo amazikuta ndi zinki. Mukasakaniziramo, makina athu adzatiuza kuti munda wanu uli ndi zinki wambiri pamene ndi wa ndowa." Ine ndinali nditatsuka kale ndowa yoteroyo kuti ndigwiritse ntchito. Ndinakatenga chidebe cha pulasitiki.

Ndikukumba ndi pamene ndinaliona bwino dothi langa. Kumtunda kwa munda linali lotuwa, lamchenga, loyoyoka m'manja ngati shuga, ndipo m'maenje khumi sindinapezemo nyongolotsi ngakhale imodzi. Kumunsi, kumene madzi amasiya zonse zimene akokolola, linali lakuda ndi lonunkhira chinyontho. Ndinatumiza mapaketi awiri osiyana, ndipo ndikulangiza aliyense kutero.

Zotsatira anati zituluka pa masiku 10, zinatenga milungu itatu. Izi zinandiwawa chifukwa laimu, amene amachepetsa asidi m'dothi, amafuna kuthiridwa miyezi ingapo usanabzale. Koma dandaulo langa lalikulu ndi lina. Pepala limene amapereka kwa aliyense limangonena za asidi, nayitrojeni, fosiforasi, potaziyamu, kashiamu, maginiziyamu ndi chonde chochokera ku zowolerana. Zinki palibepo. Umayenera kuchita kupempha, n'kulipira padera, ndipo palibe amene amakuuza pokhapokha utafunsa. Ndinadikiranso mlungu wina.

Kumtunda kuja pH, womwe ndi muyeso wa asidi m'dothi, inali 5.2. Ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kumawotcha nsonga za mizu, fosiforasi amene wathira amamangika osapezeka kwa mbewu. Zinki anapezeka wochepa kwambiri, monga masamba aja ankanenera. Mayi aja anandiimbira foni okha n'kundifotokozera kwa mphindi pafupifupi 20, mosathamanga. Anandichenjeza zinthu ziwiri zimene sindikanazidziwa: laimu akachuluka amatsekereza zinki yemweyo, ndipo fosiforasi wambiri amachitanso chimodzimodzi. Ndiye kuti thumba lililonse la feteleza wa fosiforasi limene ndikanawonjezera mwachimbulimbuli likanatha kukulitsa vuto. Foni imeneyi yokha inandibwezera ndalama zanga.

Chimene chikundivutabe mumtima n'chakuti ntchito yonseyi anaikonzera zokolola. Funso limene amayankha ndi lakuti mbewu ikusowa chiyani kuti ibereke. Funso langa linali lakuti munthu wodya mbewuyo akusowa chiyani, ndipo mafunso awiriwa amasiyana. Tengani seleniyamu. Mbewu zathu za m'munda sizimufuna kuti zikule, choncho munda utha kukhala wobiriwira mochititsa kaso, nkhokwe n'kudzaza, koma chakudyacho chili chopanda seleniyamu. Thupi la munthu wamkulu limafuna mamaikulogalamu 55 okha patsiku, koma akasowa zimaoneka. Ku China, m'boma la Keshan, matenda a mtima amene ankapha kwambiri ana ndi amayi achitsikana anadziwika mu 1935, ndipo patapita zaka zambiri kunapezeka kuti akugwirizana ndi kuchepa kwa seleniyamu m'nthaka ya kumeneko. Dziko la Finland litaona kuti anthu ake akudya seleniyamu wochepa, linayamba kumuthira mu feteleza mu 1984, ndipo m'magazi a anthu anakwera. Ayodini naye ndi chimodzimodzi: mbewu imakula popanda iye, munthu n'kutupa chithokomiro. Nditafunsa za seleniyamu, a labotale anati sayeza. Sindikuwaimba mlandu pa makina amene alibe, koma akanalemba poyera kuti pepala lawo silinena za zimenezi.

Zinki ndiye amakhudza mbali zonse ziwiri. Mbewu ikamusowa imapinimbira, mwana akamusowa amapinimbiranso, amatsekula m'mimba pafupipafupi, zilonda zimachedwa kupola. Mayi amafuna mamiligalamu 8 patsiku, bambo 11. Nditaona nambala ya pa pepala lija ndinaganiza za mwana wanga wamng'ono, amene amadya kwambiri zochokera m'munda womwewu.

Apa ndinenepo za mawu amene ogulitsa mapiritsi a mavitamini amakonda, akuti nthaka ya dziko lonse inatha ndiye chakudya cha masiku ano ndi mankhusu. Nkhani yake si yophweka choncho. Mu 2004 Donald Davis wa ku University of Texas ndi anzake anayerekeza mbewu 43 za m'dimba pakati pa 1950 ndi 1999. Anapezadi kuti mapulotini, kashiamu, fosiforasi, ayironi, vitamini B2 ndi vitamini C zinatsika, koma iwo anati chifukwa chachikulu ndi mitundu yatsopano ya mbewu yobereka kwambiri. Ku Rothamsted ku England kuli munda wa Broadbalk umene akhala akulimamo tirigu kuyambira 1843, n'kumasunga njere ndi dothi m'mabotolo. Atayeza zosungidwazo anapeza kuti zinki, ayironi, kopa ndi maginiziyamu m'njere zinayamba kutsika m'zaka za m'ma 1960, pamene kunabwera tirigu wamfupi wobereka kwambiri, chonsecho m'dothimo michereyo sinachepe. Njere zinachuluka, ufa unachuluka, michere n'kugawanika. Choncho pali minda imene yathadi, ngati kumtunda kwa munda wanga kumene ndakhala ndikukolola n'kuchotsa mapesi osabwezeramo kanthu, ndipo pali minda imene michere ilimo koma siikufika m'njere. Popanda kuyeza sungasiyanitse.

Ndinatsatira zimene anandiuza. Laimu ndinathira wochepa, mowaza, kumtunda kokha. Zinki salufeti ndinamusakaniza ndi mchenga wouma kuti afalikire bwino, popeza mlingo wake ndi wochepa kwambiri moti sungauwaze wokha ndi dzanja. Mapesi ndinasiya kuwotcha, ndinathira manyowa owola bwino, ndipo mbali ina ndinabzala nyemba. Chaka chino mizere yoyera ija yatsala pa mapesi owerengeka m'mphepete, pamene ndikuganiza kuti dzanja langa silinafike. Mizu nditazula inali yaitali, yoyera, osati yonenepa ndi yoduka nsonga ngati kale.

Kodi ndingawatumizire munthu wina? Inde, makamaka amene wakhala akuthira feteleza chaka ndi chaka zokolola n'kumatsikabe. Koma tumizani dothi miyezi itatu kapena inayi musanabzale, ndipo mulembe nokha pa fomu kuti mukufuna ayezenso zinki, ayironi, kopa ndi boroni. Mufunsenso ngati amayeza njere ndi masamba, chifukwa tsamba lobiriwira si umboni wakuti michere yafika m'mbale. Labotale imeneyi amayeza, ngakhale sanalembe paliponse. Ndapatula kale njere zodzadza manja awiri kuchokera kumtunda ndi zina kuchokera kumunsi, zili m'maenvulopu awiri pawindo, ndikazipereka zikangouma.