Hilux yakale kapena Nissan 1400: woyamba kumene asankhe iti?

Anthu ambiri ofuna kudzutsa pikapu yakale amazunguzika pakati pa galimoto ziwiri: Toyota Hilux ya dizilo ya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndi ka Nissan 1400. Zonse ndi zolimba ndipo masipeya ake akupezekabe. Koma ntchito imene zidzakugwiritseni ndi yosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kumayambira kunsi kwa galimoto. Choncho musanatsekule boneti, gonani chagada ndi tochi m'manja.

Hilux, imene Toyota idayamba kupanga mu 1968, imakhala pa chasisi cha zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa. Mutu ndi bodi ya katundu amangozimangirira pamwamba ndi mabawuti. Bodi ikadyeka ndi dzimbiri mumaimasula, kuiika pambali, n'kuiwotcherera modekha kapena kusaka ina. Mphamvu yonse ili m'chasisi, ndiye yang'anitsitsani pamene pamagwira masipuling'i a kumbuyo, chifukwa matope amakhazikika pamenepo n'kumadya chitsulo kuyambira mkati. Gogodani ndi hamala. Chitsulo chabwino chimalira, chowola chimangoti phu.

Nissan 1400 ilibe chasisi chotere. Idachokera ku Datsun Sunny B120 ya mu 1971, ndipo fakitale ya ku Rosslyn ku South Africa idaipangabe mpaka 2008. Mutu, bodi ya katundu ndi pansi pake ndi chinthu chimodzi chowotchereredwa pamodzi, ndiye bodiyo ndi imene imasenza zonse. Pa galimoto iyi dzimbiri la m'munsi mwa zitseko kapena la pansi popondapo limafooketsa galimoto yonse. Mukapeza 1400 yobooka m'malo amenewa, pomwe inu kuwotcherera malata opyapyala simunakuphunzire, isiyeni ngakhale injini ikulira mokoma. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amaluzira ndalama ndi mtima womwe.

Tikafika pa injini, ka Nissan kamabwezera. Injini yake ya petulo, A14, ya 1397cc, ndi sukulu yabwino kwa munthu wofuna kuphunzira ndi manja ake. Ili ndi kabuleta, mavalavu okankhidwa ndi timitengo tachitsulo, ndi tcheni cha taimingi (chogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapistoni) m'malo mwa lamba. Mu boneti muli malo okwanira kulowetsa mkono paliponse. Kusintha mapulagi, kutsuka kabuleta, kutchera mavalavu, zonsezi mungachite ndi masipanala wamba.

Ma Hilux a dizilo a nthawi imeneyo kawirikawiri amakhala ndi injini ya 2L, ya 2446cc, kapena 3L, ya 2779cc. Zimayenda mtunda wautali zedi, koma zili ndi malamulo ake. Taimingi yake ndi ya lamba, ndipo lambayo akaduka injini ikuyenda, mapistoni amamenya mavalavu. Mukangogula, musinthiretu lambayo, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi watsopano. Hedi (chivindikiro cha pamwamba pa mapistoni) ya injini zimenezi imang'aluka zikatentha mopitirira, choncho rediyeta, pampu ya madzi ndi mapaipi ake zikhale zoyamba kuonedwa. Mukaona thovu m'madzi a rediyeta kapena oilo wooneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, dziwani kuti muli vuto. Pampu ya dizilo ndi manozo opopera dizilo mu injini sizikonzedwa pakhomo. Zimafuna katswiri wokhala ndi makina oyezera.

Nkhani yosintha galimoto kuti ikhale yamphamvu kapena yokongola ndi imene imakopa ambiri. Pa 1400 anthu amaika kabuleta ya Weber, giyabokosi ya magiya asanu ngati inali ya anayi, ndipo ena amalowetsamo injini yokulirapo ya Nissan yotchedwa SR20. Kagalimoto kopepuka chonchi sikafuna zambiri kuti kathamange. Pa Hilux ya 4x4, makamaka ya mtundu wa LN106 yokhala ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, anthu amaikweza, kuika matayala akuluakulu, ndipo ena amaikamo injini yamphamvu ya dizilo ya Toyota, 1KZ-TE, kapena injini ya V8 ya Lexus, 1UZ. Zonsezi n'zotheka, koma si ntchito yoyambira. Injini yatsopano imadza ndi mawaya ake, kompyuta yake, zomangirira zofunika kusula, ndiponso nambala yake imene iyenera kulembetsedwa ku boma. Pa galimoto zonse ziwiri dongosolo ndi lomwelo: mabuleki, chiwongolero ndi masipuling'i choyamba, mphamvu pambuyo, penti kumapeto kwenikweni. Matayala akulu pa mabuleki otopa amatalikitsa mtunda woimira, ndipo galimoto yokwezedwa imapendekeka msanga pokhota.

Ganiziraninso malo ogwirira ntchito. Injini ya A14 anthu awiri kapena atatu angathe kuinyamula. Ya dizilo ya Hilux imafuna chokwezera cholimba, ndipo kuchotsa mutu pa chasisi kumafuna bwalo lalikulu.

Kwa ine, munthu amene sanagwirepo injini ayambe ndi 1400, bola bodi yake ikhale youma ndi yathunthu. Koma ngati pikapuyo mukufuna kuti idzasenze katundu wolemera, wofika tani imodzi, kapena kuyenda m'misewu yoipa, theka la tani la ka Nissan silikukwanirani. Tengani Hilux ya chasisi chabwino, ndipo mupezeretu makaniko wodziwa pampu ya dizilo musanalipire.