Stanford, Library of Congress kapena SNCC Digital Gateway: poyambira pofufuza amayi amene analimbana ndi tsankho ku America

Nkhokwe zikuluzikulu za mbiri ya nkhondo yolimbana ndi tsankho ku America, ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, zili pa intaneti ndipo zambiri n'zaulere. Vuto silili pa kusowa kwa zowerenga, lili pa khomo limene mwalowera. Nkhokwe iliyonse inasonkhanitsidwa ndi anthu amene anali ndi cholinga chawo, ndipo imene inamangidwa pa moyo wa m'busa imakupatsani abusa. Amayi amene ankasindikiza timapepala usiku, kuphika chakudya chogulitsa ndi kuyenda khomo ndi khomo kukopa anthu kuti akalembetse mavoti amaonekera bwino kwina, kwina n'kungotchulidwa mongodutsa. Ine maganizo anga ndi akuti wofufuza za amayi ayambire pa mawu a amayiwo, kenako akatsimikize masiku ndi mayina m'makalata. Ophunzira ambiri amachita mosemphanitsa, chifukwa dzina la m'busa Martin Luther King ndi limene Google imayamba kuwabweretsera.

Njira yabwino yoyesera nkhokwezi ndi kuzifunsa funso limodzi: anayambitsa kunyanyala mabasi ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama, ndani? Mayi Rosa Parks anamangidwa pa 1 Disembala 1955 atakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Usiku womwewo mayi Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa Chingerezi pa Alabama State College komanso mtsogoleri wa bungwe la Women's Political Council, anasindikiza timapepala masauzande ambiri touza anthu akuda kuti asakwere basi Lolemba pa 5 Disembala. Anathandizidwa ndi mphunzitsi mnzawo ndi ophunzira awiri. A King, amene anali ndi zaka 26, anasankhidwa kutsogolera bungwe loyendetsa kunyanyalako, la Montgomery Improvement Association, masana a tsiku lomwelo la 5 Disembala, mabasi atayamba kale kuyenda opanda anthu. Kunyanyalako kunatenga masiku 381.

King Institute ya ku yunivesite ya Stanford ndiyo yosavuta kugwiritsa ntchito pa zonse. Inachokera pa ntchito imene mayi Coretta Scott King anapatsa katswiri wa mbiri Clayborne Carson mu 1985, yosonkhanitsa ndi kusindikiza zolemba za amuna awo. Ubwino wake ndi ukhondo wa ntchito. Kalata iliyonse inatayipidwa bwino, ili ndi tsiku, ndipo pafupifupi dzina lililonse lotchulidwamo lili ndi kandemanga kofotokoza kuti munthuyo anali ndani. Mulinso nkhani zazifupi za mayi Robinson, za Women's Political Council ndi za mlandu wa Browder v. Gayle, umene unathetsa tsankho m'mabasi. Mlandu umenewu anthu ambiri amaganiza kuti unali wa mayi Parks, pamene odandaula anali amayi ena anayi: Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin, mtsikana amene anamangidwa ali ndi zaka 15 pa 2 Malichi 1955 atakana kusiya mpando wake m'basi, miyezi isanu ndi inayi mayi Parks asanamangidwe. Khoti lalikulu la America linagwirizana ndi chigamulo cha khoti laling'ono choletsa tsankholo pa 13 Novembala 1956. Pa masiku ngati amenewa, Stanford sikhumudwitsa. Ndipo popeza masamba ake ndi mawu okhaokha, amatseguka ngakhale netiweki ikuvuta, osadya bandulo.

Koma chingwe chonse chimazungulira munthu mmodzi. Mayi amalowa m'nkhokweyi akalembera a King kalata, kapena a King akamutchula. Zimene amayi a Women's Political Council anachita kuyambira pamene mayi Mary Fair Burks anayambitsa bungwelo mu 1946, a King asanafike n'komwe ku Montgomery, mumangozimva mwachidule. Kalata imene mayi Robinson analembera meya W. A. Gayle pa 21 Meyi 1954, yochenjeza kuti anthu akuda akukambirana zosiya kukwera mabasi, ikusonyeza kuti maganizo onyanyala anali ataphikidwa chaka ndi theka m'mbuyomo. Wophunzira amene wathera pa Stanford pokha akhoza kulemba pepala lopanda cholakwa chilichonse pa masiku, koma lopereka chithunzi chakuti amayi ankangothandizira. Dziwaninso kuti mabuku a zolemba za a King amene anasindikizidwa ndi ndemanga amakafika mu 1962, ndiye pa zaka zotentha zomenyera ufulu wovota ku Mississippi ndi ku Selma thandizo lake limachepa.

Zolemba za mayi Rosa Parks ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, ndi dziko lina. Muli zolembedwa pafupifupi 7,500 ndi zithunzi pafupifupi 2,500. Zinakhala zaka zambiri zitatsekeredwa chifukwa cha mikangano ya chuma cha masiye mayiwo atamwalira mu 2005, mpaka bungwe la Howard G. Buffett linazigula mu 2014 n'kuzipereka ku laibulaleyo, imene inaziika pa intaneti mu 2016. Apa mumakumana ndi dzanja lawo lenileni. Ankalemba pa chilichonse chimene chinali pafupi, ngakhale kuseri kwa maenvulopu. Pa envulopu ina ya ku banki analembapo kaphikidwe ka zitumbuwa zawo za ufa wa tirigu zothira chiponde. Pa mapepala ena analemba za mkwiyo wawo, kuti moyo wawo wonse anthu ankangowakankha uku ndi uku ndipo tsiku limenelo anaona kuti sangapirirenso. Munthu ukawerenga zimenezi, nthano ija ya mayi wofatsa amene anangotopa miyendo imagwa yokha. Mayi Parks anali mlembi wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, ku Montgomery kuyambira 1943. Mu 1944 anapita ku Abbeville kukafufuza nkhani ya mayi Recy Taylor, amene anagwiriridwa ndi gulu la azungu omwe sanazengedwe mlandu. Chilimwe cha 1955 anakachita maphunziro ku Highlander Folk School, sukulu ya omenyera ufulu, kumene ankaphunzitsa mayi Septima Clark.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'nkhokweyi ndi mtengo umene analipira. Ntchito yawo yosoka pa sitolo ya Montgomery Fair inatha kunyanyala kutangoyamba, amuna awo a Raymond nawonso anasiya yawo yometa, ndipo banjalo linasamukira ku Detroit mu 1957 lili pa umphawi ndi matenda. Ntchito yokhazikika anadzaipeza mu 1965 mu ofesi ya phungu John Conyers. Dziko lonse linkaimba dzina lawo, iwo akuvutika kulipira lendi.

Kuipa kwake n'kwakuti palibe wokugwirani dzanja. Mapepala ambiri alibe tsiku, palibe ndemanga zofotokoza, ndipo ndi zithunzi za masamba, zimene zimalemera pa foni. Kalembedwe ka pamanja nakonso kamafuna maso ozolowera, ngakhale ntchito ya By the People, imene anthu odzipereka amatayipa zolemba za laibulaleyo, yachepetsako vutoli. Gawo lalikulu ndi la zaka za ku Detroit, makadi a ana asukulu ndi mphoto zaulemu. Ngati funso lanu lili pa moyo wa mkati wa mayi mmodzi, palibe ina yoposa iyi. Ngati lili pa gulu lonse, mudzatopa musanapeze chimene mukufuna.

Tsopano zojambulidwa pakamwa, kumene ine ndimatumiza aliyense woyamba. Izi si nkhokwe imodzi, ndipo kusiyana kwake kuli pa chaka chimene anthu anafunsidwa. Civil Rights History Project, imene nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa mu 2009 ndipo ili ku Library of Congress, ili ndi mavidiyo oposa 100 ojambulidwa bwino, aliyense ali ndi mawu ake otayipidwa. Koma inabwera mochedwa kwa mbadwo wa Montgomery. Mayi Fannie Lou Hamer anamwalira mu 1977, mayi Ella Baker mu 1986, mayi Robinson mu 1992. Amene mumawapeza m'menemo ndi omwe anali achinyamata m'ma 1960. Kuti mumve akuluakulu aja, pitani ku Washington University ya ku St. Louis, imene imasunga zokambirana zathunthu zimene anajambula pokonza filimu ya Eyes on the Prize, yoonetsedwa mu 1987. Mufilimu munthu amaoneka mphindi imodzi kapena ziwiri, koma m'nkhokwe muli zonse zimene ananena. Kumeneko mayi Robinson akufotokoza okha za usiku uja, ndipo mulinso mayi Georgia Gilmore, wophika amene anasonkhanitsa amayi anzake kuti azigulitsa chakudya ndi makeke, ndalama zake n'kumagulira mafuta a magalimoto onyamula anthu onyanyala. Gulu lawo ankalitcha Club from Nowhere kuti opereka ndalama asadziwike n'kuchotsedwa ntchito. Mayi ngati ameneyu sankalembera abusa makalata, ndiye m'nkhokwe ya makalata mumangomuona patali.

Palinso Black Women Oral History Project ya ku Schlesinger Library ku Harvard, imene pakati pa 1976 ndi 1981 inafunsa amayi akuda 72, kuphatikizapo mayi Parks ndi mayi Dorothy Height. Iyi imafunsa moyo wonse, kuyambira ubwana, sukulu, tchalitchi mpaka ntchito, ndiye ndi yabwino kwa wofuna mbiri ya chikhalidwe osati ya ndale yokha. Pa zonsezi, tengani mawu otayipidwa m'malo moonera vidiyo. Kukambirana kumodzi kumatha maola awiri, ndipo Chingerezi cha kummwera kwa America chimathawa khutu losazolowera.

Chenjezo lake n'lodziwika koma n'lenileni: munthu wokumbukira patapita zaka 25 amadziika pakati pa nkhani. A E. D. Nixon, mtsogoleri wa anthu akuda ku Montgomery amene anakawombola mayi Parks ku polisi pamodzi ndi a Clifford ndi mayi Virginia Durr, ankafotokoza chiyambi cha kunyanyala mosiyana ndi mayi Robinson. Onse anali pomwepo, onse anagwira ntchito. Apa ndi pamene Stanford imabwerera ndi masiku ake kudzathandiza kulekanitsa.

SNCC Digital Gateway siyankha funso la Montgomery, chifukwa bungwe la ophunzira la Student Nonviolent Coordinating Committee (SNCC) linabadwa mu Epulo 1960, pa msonkhano umene mayi Ella Baker anaitanitsa ku Shaw University. Koma funso likakhala la Mississippi, Georgia kapena Selma, imaposa zina zonse. Inakonzedwa ndi yunivesite ya Duke pamodzi ndi anthu amene anali m'bungwelo, ndipo imayambira pansi, pa anthu a m'midzi. Tengani mayi Hamer. Anagwira ntchito zaka 18 pa munda wa thonje pafupi ndi Ruleville ku Mississippi, mwa dongosolo lofanana ndi la matenanti a m'maesiteti a fodya. Pa 31 Ogasiti 1962 anapita ku Indianola kukayesa kulembetsa voti, ndipo atabwerako mwini munda anawathamangitsa. Mu Juni 1963 anamenyedwa koopsa m'chitokosi ku Winona. Pa 22 Ogasiti 1964 anafotokoza zonsezi ku Atlantic City, pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic, ndipo pulezidenti Lyndon Johnson anaitanitsa atolankhani mwadzidzidzi kuti makamera achoke pa iwo. Tsamba lawo limakulozerani kwa mayi Annie Devine, mayi Victoria Gray, mayi Unita Blackwell, ndipo mumayamba kuona kuti sanali okha.

Pofooka pake ndi pomwe pali mphamvu yake. Olemba ndi eni nkhani, ndipo mawu awo ndi achikondi. Kuti muone mikangano ya mkati, funani pepala limene Mary King ndi Casey Hayden analemba mosatchula mayina awo pa msonkhano wa SNCC ku Waveland mu Novembala 1964, lodandaula kuti amayi a m'bungwemo amapatsidwa ntchito yotayipa ndi kulemba maminitsi pamene amuna akupanga ziganizo. Komanso nkhani za pa Gateway ndi zazifupi. Musazitchule ngati gwero m'pepala lanu, tsatirani maulalo ake mpaka pa chikalata chenicheni.

Yomaliza ndi imene sindingalangize aliyense kuyambirapo, koma siyenera kudumphidwa: mafayilo a Mississippi State Sovereignty Commission. Ili linali bungwe la boma la chigawocho, lokhazikitsidwa mu 1956 kuti liteteze tsankho, ndipo linkalipira akazitape. Litathetsedwa mu 1977, aphungu analamula kuti mafayilo atsekedwe mpaka 2027, koma bungwe loteteza ufulu wa anthu la ACLU linakasuma ndipo anatsegulidwa mu 1998. Lero ali pa tsamba la Mississippi Department of Archives and History, ndipo mukhoza kufufuza ndi dzina. Muli mayina oposa 87,000. Mumaona manambala a magalimoto amene anaimikidwa panja pa tchalitchi usiku wa msonkhano, ndi malipoti ofufuza kuti munthu wakuti amagwira ntchito kwa yani. Mukawerenga zimenezi mumamvetsa chifukwa chake mphunzitsi wamkazi wolipidwa ndi boma ankaopa kuoneka pa msonkhano, ndiponso chifukwa chake amayi odzilemba okha ntchito, monga okonza tsitsi, ankatha kulimba mtima kuposa ena. Koma kazitape amalipidwa kuti abweretse nkhani, ndipo nkhani ikasowa amaipeka. Miseche yokhudza maukwati ndi makhalidwe a amayi ilimo yambiri. Chilichonse chimene mwapeza m'menemo chifunireni umboni wina musanachilembe, ndipo dzina la munthu wamba amene sanakhalepo mtsogoleri, amene ana ndi adzukulu ake akali moyo, lisiyeni m'fayilo momwemo.