micro:bit V2: kabolodi kodzutsa chidwi cha ana pa maphunziro a kompyuta

Funsani mwana wa sekondale ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi zimene amaphunzira pa Computer Studies. Adzakutchulirani magawo a kompyuta, kusiyana kwa RAM ndi ROM, ndiponso malo amene amadina pofuna kudetsa zilembo mu Word. Zonsezi n'zofunika, ndipo n'zimene bungwe loona za mayeso la ECZ lakhala likufunsa chiyambire mayeso oyamba a giredi 9 a phunziroli mu 2015. Koma mwana sakonda phunziro chifukwa choloweza mayina a zinthu. Amalikonda tsiku limene walamula makina, makinawo n'kumumvera, kenako n'kumukanira, iye n'kupeza yekha pamene analakwitsa. Kabolodi kotchedwa micro:bit kanapangidwira tsiku limenelo, ndipo pa ntchito imeneyi kamakhoza kwambiri, ngakhale kali ndi zovuta zake zimene mphunzitsi wa kuno ayenera kuzidziwa asanapemphe ndalama kwa ahedi.

Kanatuluka ku Britain mu 2016, pamene BBC inagawa mabolodi pafupifupi 1 miliyoni kwa ana a zaka 11 ndi 12. Mtundu umene tikunena pano ndi wachiwiri, V2, wa mu 2020. N'kakang'ono, masentimita 4 kwina 5, kokwana m'dzanja la mwana. Kumaso kwake kuli timagetsi tofiira 25 toyalidwa m'mizere 5, ndi mabatani awiri, A ndi B. Kali ndi sipika, maikolofoni, kampasi, kachipangizo kozindikira kugwedezeka ndi kupendekeka, koyezera kutentha ndi kuwala, wailesi yolankhulirana ndi mabolodi anzake, ndi Bluetooth. M'munsi muli mabowo 5 agolide olembedwa 0, 1, 2, 3V ndi GND, polumikizira mawaya. Kamayaka ndi chingwe cha micro USB kapena mabatire awiri a AAA. Pogula onetsetsani kuti ndi V2. Mtundu woyamba ulibe sipika ndi maikolofoni, ndipo zina zimene tifotokoze m'munsimu sutha kuchita.

Pulogalamu yake imalembedwa pa MakeCode ya Microsoft, yomwe ndi yaulere. Mwana salemba mawu ambiri. Amakoka zidutswa za mitundumitundu n'kumazilowetsana ngati akusanja njerwa, ndipo chidutswa chosayenera malo ake chimakana kulowa. Chakumanzere kwa sikirini kuli chithunzi cha kabolodi kamene kamachita zonse zimene mwana walamula, motero kalasi itha kuyamba ngakhale mabolodi enieni asanafike.

Pa phunziro loyamba musataye nthawi ndi kufotokoza. Mwana akoke chidutswa cha show string, alembemo dzina lake, atumize ku bolodi. Mphindi 10 zisanathe dzina lake likuyenda pa timagetsi tija, ndipo akachotsa chingwe n'kuika mabatire, dzinalo likuyendabe m'manja mwake, kompyuta ili patali. Apa m'pamene pali mphamvu yonse ya kachipangizoka. Chimene wapanga pa sikirini chimatsala m'labu, koma ichi amachinyamula n'kukaonetsa anzake panja.

Lachiwiri likhale dayisi: on shake, show number, pick random 1 mpaka 6. Ndi zidutswa zitatu zokha. Ana akamaliza kugwedeza ndi kukuwa, afunseni ngati dayisi yawoyo ilibe chinyengo. Gulu lililonse ligwedeze ka 60, lilembe m'kope kuti nambala iliyonse yatuluka kangati. Kenako apatseni ntchito yoti aisinthe kuti 6 izituluka kawirikawiri kuposa zina, anzawo osazindikira. Kuti zimenezi zitheke afunika zidutswa za if ndi else (ngati, apo ayi), afunikanso posungira nambala, chimene m'phunziroli chimatchedwa variable. Adzazifunsa okha, chifukwa akufuna kupambana anzawo. Mfundo imene mwana waipempha yekha imakhazikika m'mutu kuposa imene mwamulembera pa bolodi la choko.

Wailesi nayo imakopa. Mabolodi amene aikidwa pa gulu limodzi, nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, amatumizirana mauthenga popanda intaneti, popanda simu khadi. Pabwalo poyera, mphamvu yotumizira itaikidwa pa 7, uthenga utha kufika mamita 70, koma makoma a njerwa amaufupikitsa. Cholakwika chimene chimachitika pafupifupi m'kalasi iliyonse n'chakuti magulu onse amasiya nambala yofanana, ndiye uthenga wa gulu lina umatulukira kwa aliyense. Musafulumire kukonza. Alekeni adabwe kaye, chifukwa pamenepo mwapeza poyambira kuwauza chifukwa chimene mauthenga a mobile money amabisidwira.

Koma ntchito imene tikuiyamikira koposa kwa ana a chigawo chino cha Kum'mawa ndi yoyeza chinyezi cha nthaka. Ambiri mwa iwo amathirira ku dimba m'mawa kapena madzulo, amadziwa kulemera kwa kheni, ndipo amadziwa kuti repu ndi tomato zikasowa madzi masiku awiri mu Okutobala zimafota. Zofunika ndi misomali iwiri yaitali, mawaya awiri okhala ndi timano topanira amene m'sitolo amawatcha crocodile clips, ndi zitini ziwiri za dothi, china chouma, china chonyowa. Msomali woyamba ulumikizidwe ku 3V, wachiwiri ku bowo la 0, yonse izikidwe m'dothi motalikirana masentimita 3 kapena 4. Chidutswa cha analog read pin P0 chimapereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1023. Dothi lonyowa limadutsitsa magetsi mosavuta, choncho nambala imakwera, louma imatsika. Musawauze ana malire a pakati pa kuuma ndi kunyowa. Ayeze okha, chifukwa katondo wa kumunda ndi dothi lakuda la kudambo sizipereka nambala zofanana, ndipo dothi lothiridwa feteleza limaonetsa nambala yokwera chifukwa cha mchere umene uli mu fetelezayo. Akapeza malirewo, alamule bolodi kuti lizilira nthaka ikauma.

Pakapita masiku angapo nambala zimayamba kusokonekera. Mukazula misomali mupeza kuti umodzi wadyeka ndi dzimbiri. Chifukwa chake n'chakuti magetsi akumadutsa m'dothi lonyowa usana ndi usiku, ndipo amadya chitsulo. Mankhwala ake ndi kuchotsa waya ku 3V n'kuuika ku bowo la 1, kenako kulamula kuti bowolo lizipereka magetsi pa kamphindi koyezera kokha, likatha lizizima. Misomali imakhalitsa, mabatire nawonso. Mwana amene wadutsa m'vuto limeneli, kuona kuti chinthu chake chafa, kufufuza chimene chachipha ndi kuchidzutsa posintha malamulo, walawa ntchito yeniyeni ya sayansi ya kompyuta. Ana otere ndi amene amayamba kufunsa kuti ku mayunivesite a UNZA, CBU ndi Mulungushi amafuna magiredi otani pa masamu. Ntchito yomweyi ndi yoyenera kupita nayo ku chionetsero cha sayansi cha ana a sukulu cha JETS, pakuti woweruza atha kuthira madzi m'chitini n'kudzionera yekha nambala ikusintha. Chenjezo limodzi: kabolodika sikangayendetse pampu pakokha, magetsi ake ndi ochepa. Ofuna kufika pamenepo afunika relay, kaswichi koyatsidwa ndi magetsi ochepa a bolodi, ndi batire lapadera la pampuyo.

V2 imathanso kusunga zimene yayeza. Mukawonjezera zidutswa za datalogger, bolodi litha kugona m'nkhokwe kapena m'chipinda chosungira nshawa n'kumalemba kutentha ola lililonse. M'mawa mukalilumikiza ku kompyuta mupeza failo yotchedwa MY_DATA, ndipo nambala zake zimasamutsika kupita mu Excel. Apa phunziro la spreadsheet, limene ana ambiri amaliona ngati chilango, limakhala ndi tanthauzo, chifukwa nambalazo ndi za nkhokwe ya kwawo. Dziwani chabe kuti choyezera kutenthacho chili m'kati mwa purosesa, ndiye bolodi likakhala padzuwa kapena m'manja nthawi yaitali limaonetsa kutentha koposa kwa mpweya. N'lokwanira poyerekeza usiku wa Julayi ndi masana a Okutobala, koma si loti n'kuyezera malungo a munthu.

Tsopano zovuta. Choyamba, micro:bit si kompyuta yolowa m'malo mwa laputopu. Ilibe kiyibodi, ilibe sikirini yowerengerapo, ndipo pulogalamu iyenera kulembedwa kwina. Sukulu yopanda kompyuta ngakhale imodzi isayambe ndi kugula mabolodi. Foni ya Android itha kuthandiza kudzera pa Bluetooth, koma kulumikiza mabolodi ambiri m'chipinda chimodzi kumadya nthawi, ndipo kukoka zidutswa pa kasikirini ka foni n'kotopetsa. Ubwino wake ndi wakuti laputopu yakale imakwanira, ndipo yochajidwa usiku imatha kutumikira magulu angapo mosinthana malaiti atapita. Amene anaphunzitsa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, amadziwa kuti labu ya makompyuta a padesiki imasanduka chipinda chongokhalamo ZESCO ikazimitsa. Mabolodi a mabatire amapitiriza ntchito.

Intaneti imafunika poyamba pokha. Pali MakeCode yoika pa kompyuta ya Windows kapena Mac imene imagwira popanda mabando. Itengeni kamodzi m'tauni, muiike pa fulashi, mukagawire makompyuta onse.

Chimene chimagwetsa ulesi aphunzitsi ambiri pa tsiku loyamba ndi chingwe. Zingwe zambiri za micro USB zogulitsidwa pamodzi ndi machaja otsika mtengo zili ndi mawaya a magetsi okha, zilibe onyamula data. Bolodi limayaka bwinobwino koma kompyuta siliona, ndipo munthu amaganiza kuti wagula chakufa. Chingwe chabwino chikalowa, pa kompyuta pamaoneka chosungira chatsopano chotchedwa MICROBIT, ngati mwalowetsa fulashi. Yesani chingwe chilichonse kalasi isanayambe, ndipo zabwinozo muzimange ulusi kuti zisasokonezeke ndi zochajira mafoni. Mukakopera mu MICROBIT failo ya pulogalamu yanu, imene dzina lake limathera ndi .hex, kanyale kachikasu kumbuyo kamaphethira, kenako failoyo siionekanso. Sikuti yatayika, yalowa m'bolodi, ndipo yafafaniza imene inalimo, pakuti kabolodika kamasunga pulogalamu imodzi basi. Ana azisunga ntchito zawo pa kompyuta, dzina la gulu lili pa failo. Mukaona dzina lakuti MAINTENANCE m'malo mwa MICROBIT, ndiye kuti wina anapanikiza batani la kumbuyo polowetsa chingwe. Chotsani, mulowetsenso osalikhudza. Kukopera kukalephera, pamatuluka failo ya FAIL.TXT yofotokoza chifukwa.

Kabolodika n'kopanda chikuto. Fumbi la mu Ogasiti sikaliopa kwambiri, koma madzi ndi zitsulo ndi adani ake. Timano ta mawaya tija timakonda kutsetsereka n'kukhudza timizere tating'ono ta m'mbali mwa mabowo, ndipo 3V ikakhudzana ndi GND bolodi limatentha, mwina n'kuwonongeka. Panani timanoto molunjika, osati chopingasa. Poyeza nthaka, bolodi likhale m'kabokosi ka pulasitiki, mawaya okha ndiwo atuluke. Kapulagi koyera ka mabatire kazulidwe pogwira pulagiyo, osati kukoka mawaya, chifukwa amaduka msanga. Mabatire a AAA ndi ndalama yosatha, ndiye aikidwe mu bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo azichotsedwa ikatha kalasi.

Zidutswa za MakeCode zili m'Chingerezi. Mawu ake ndi ochepa ndipo ana amawazolowera, koma mphunzitsi achita bwino kuyamba ndi kuwalola anene malamulowo m'Chichewa: ngati nthaka yauma, lira, apo ayi onetsa nkhope yosekera. Mwana amene wanena zimenezi bwino wamvetsa kale if ndi else, chotsala ndi kupeza zidutswa. Pa kagawidwe ka magulu, ana atatu pa bolodi limodzi ndiwo muyezo wabwino, ndipo mbewa ya kompyuta izisinthidwa pa mphindi 10 zilizonse. Mukapanda kuikapo lamulo limeneli, amene anagwirapo kompyuta kunyumba amalanda zonse, ndipo atsikana ndi ana ochokera kumidzi amangosanduka oonerera, pamene iwowo ndi amene amadziwa bwino za dimba.

Pogula pali mapaketi awiri odziwika. Ya Go ili ndi bolodi limodzi, chingwe, chosungira mabatire ndi mabatire awiri. Ya Club ili ndi zonsezi ka 10. Kalabu ya ana 30 ikwanira ndi Club imodzi, ndipo kalasi ya ana 60 ifunika ziwiri. Mawaya a timano sakhalamo, muwaitanitse padera, atatu pa bolodi lililonse. Si katundu woyembekeza kumupeza pa shelefu ku msika wa Kapata ku Chipata, ndiye muwerengere ndalama yotumizira ndi nthawi yodikira, ndipo muitanitse temu isanayambe. Kwa kholo logulira mwana mmodzi, Go ndi yokwanira ngati panyumba pali laputopu.

Ana a sekondale asakhalitse pa zidutswa. Pakatha masabata 6 kapena 8 ena amayamba kuziona ngati zachibwana, ndipo chidwi chimazirala. MakeCode ili ndi batani pamwamba losandutsa zidutswa zomwezo kukhala JavaScript kapena Python, motero mwana amaona dayisi yake ija yalembedwa m'mizere ya mawu, ngati mmene amalembera akatswiri. Asinthe 6 kukhala 12 m'mizeremo, abwerere ku zidutswa, aone kuti nazonso zasintha. Akayamba kulemba Python ndi zala zake, cholakwa chofala ndi mipata ya kumayambiriro kwa mzere, chifukwa m'chinenerochi mpata umasonyeza malamulo amene ali pansi pa if. Muuzeni awerenge nambala ya mzere umene uthenga wa cholakwa ukutchula, ayang'anenso mzere wa pamwamba pake, pakuti nthawi zambiri pamenepo m'pamene pamasowa chizindikiro cha timadontho tiwiri (:).