Above and Below patatha miyezi yambiri: mabedi, nkhani za kuphanga ndi makhadi omwe anasowa

Mnzanga wina wandifunsa ngati gemu ya Above and Below ndi yoti munthu angatayirepo ndalama, poti amandimva ndikuitchula pafupipafupi. Yankho la eya kapena ayi silikukwana apa, nde ndati ndingolemba zonse mmene ndazionera kuchokera pomwe bokosili linalowa mnyumba mwanga, pano chaka chatsala pang'ono kukwana.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi gemu ya pa bolodi yomwe inatuluka mu 2015, anaipanga ndi Ryan Laukat ndipo zithunzi zake anajambula yekha. Mumasewera anthu awiri mpaka anayi, maraundi 7 basi. Nkhani yake ndi yoti mudzi wako wakale anaupasula achifwamba, wathawa, wapeza malo atsopano ndipo pansi pa malowo pali phanga lalikulu. Nde pamwamba ukumanga nyumba, kukolola, kuphunzitsa anthu atsopano, kugwira ganyu kuti upeze makoini, pomwe pansi ukutumiza anthu ako kukafufuza ndipo mnzako amakuwerengera zomwe wakumana nazo kuchokera m'buku la nkhani lomwe lili ndi ndime zopitirira 200.

Zomwe zili bwino sindichedwapo. Zithunzi ndi zokongola mpaka lero sindinatope nazo, mabolodi sanapindike, malamulo munthu amawagwira raundi yoyamba isanathe, ndipo gemu imodzi imatha mu ola limodzi ndi theka ngati palibe wochedwa kuganiza.

Chomwe sindinayembekezere kuti ndingachikonde chonchi ndi mabedi. Eya, mabedi. Umayamba ndi anthu atatu ndi nyumba ya mabedi atatu, munthu aliyense akagwira ntchito amapita mbali ya otopa, ndipo kuti adzagwirenso raundi yotsatira akuyenera kugona pa bedi. Ukathamangira kuphunzitsa anthu ambiri osamanga nyumba zokhala ndi mabedi, uli ndi gulu la anthu ongokhala, otopa, sakukuthandiza kanthu. Pali tokeni ya cider, chakumwa cha maapozi, yomwe imadzutsa wotopa mmodzi popanda bedi, amaitenga ndi amene wayamba kugwira ganyu raundi imeneyo, komanso pali mankhwala ochotsa munthu mbali ya ovulala kupita mbali ya otopa. Poyamba ndinkaona ngati ndi kalamulo kongowerengera basi, koma apa mpamene nkhani ndi chuma zimakumana.

Kuphanga sungapite ndi munthu mmodzi, awiri kapena kuposa. Umatola khadi la phanga, kuponya dayisi, nambala yomwe yatuluka ikuloza ndime ya m'buku. Wowerenga amakuuza zomwe zachitika ndi zosankha zako, chilichonse ndi nambala ya zizindikiro za nyali zomwe zikufunika kuti chitheke, koma mphotho yake sakuuza. Kenako umaponyera munthu aliyense dayisi kuti uone nyali zomwe wapeza. Zikapanda kukwana ukhoza kumukakamiza munthu wako, akuwonjezera nyali imodzi koma avulala.

Usiku wina mchemwali wanga anatumiza anthu ake awiri, ndime yake inali ndi njira yophweka ndi ina yovuta yothandiza munthu amene anamupeza mmenemo, iye anasankha yovutayo. Madayisi anamupatsa nyali zopereŵera ndi imodzi. Mankhwala analibe, makoini anali atathera nyumba, ndipo popanda mankhwala wovulala amafuna kugona kawiri kuti adzukenso, pomwe maraundi anali atatsala awiri okha. Anakhala chete chala chili pa kamunthu kake ka nyundo, yemwe ndi yekhayo amatha kumanga, kuyang'ana bolodi, kuyang'ana ife, kenako anangokakankhira mbali ya ovulala nkunena kuti sangamusiye munthu uja mumdima. Anapeza mbiri yabwino ndi katundu pang'ono, koma nyumba ina yomwe amafuna kumanga sanaimangenso, ndipo gemuyo analuza. Mpaka pano amati akanachitanso chimodzimodzi. Zimenezi ndi zomwe ndinagulira gemuyi, pomwe kusankha kwa m'nkhani kukukudula chinthu chenicheni pa bolodi pako.

Mbali ya katundu nayo ili ndi nzeru yake. Pali mitundu 8, zipatso, nsomba, bowa, chingwe, mphika, pepala, miyala ya mgodi ndi mwala wamtengo wapatali wa amethyst, ndipo umaiyala pa mzere kuyambira kumanzere. Malipiro a raundi amayambira pa makoini 4 ndipo amakwera ukamadzaza mzerewo, koma mapointi a katundu amatengera malo omwe wamuika, osati mtundu wake, ndipo ukaika waika sungachotsenso. Nde ngati ukudziwa kuti nsomba udzakhala nazo zambiri ndi bwino kuzisunga kuti zidzakhale kumanja komwe mapointi ndi ambiri, koma ukamadikira malipiro ako akukhala ochepa. Kukokana kumeneku sikunandikwanebe.

Tsopano vuto, ndipo ili ndi lomwe linandidya mtima kwa miyezi. Nkhani zinayamba kubwereza msanga kwambiri. Wowerenga akangoyamba chiganizo choyamba mlamu wanga amati "iyi ndaidziwa, tenga yachiwiri muli pepala", basi zathera pomwepo. Mphamvu yonse ya bukuli ili pakusadziwa chomwe upeze, ukadziwa sukusankhanso ndi mtima, ukungogula katundu ndi madayisi. Tinayesa kugwirizana kuti wodziwa azikhala chete, koma nkhope imaulula, ndipo amene akusewerayo akaona mnzake akumwetulira amasintha maganizo. Tinayesa kuponyanso dayisi tikagwera ndime yakale, zinathandiza pang'ono koma nthawi zina umaponya katatu zonse zodziwika. Panthawi imeneyo ndikanafunsidwa ndikananena kuti musagule, ndalama zambiri chonchija pa buku lomwe latha msanga ngati nyuzipepala ya dzulo.

Chinandidabwitsa ndi choti tikamatsegula buku timaona ndime zambirimbiri zomwe sitinazimvepo. Zina mwa izo ndi zopitiriza, umazifika pokhapokha ndime ina ikakutumiza, koma sizikanakhala zonsezo. Tsiku lina ndinakhala pansi ndi mndandanda wa zinthu womwe uli m'kabuku ka malamulo nkuyamba kuwerenga chimodzichimodzi, makoini, matokeni, nyumba, zonse zinakwana, kufika pa makhadi a phanga ndipo angapo panalibe. Ndipo poti manambala a ndime ali pa makhadi amenewo, khadi lililonse losowa ndi nkhani zomwe sitikanazifika ngakhale titasewera zaka. Tinakhala tikuzungulira pa gawo chabe la bukulo osadziwa.

Apa nde mpamene ndinayamba kulimbana ndi wogulitsa. Ndinagula pa intaneti kwa munthu yemwe analemba kuti ndi yatsopano, ndipo ndinalipira mtengo wa yatsopano. Ndinamulembera mwaulemu, ndi zithunzi za makhadi nditawayala pa tebulo pambali pa tsamba la mndandanda. Yankho loyamba linali loti mwina ana anu ataya, bambo. Ndinamukumbutsa kuti bokosi linabwera lopanda pulasitiki yakunja ndipo matokeni anali othothola kale ali m'timapepala, zomwe panthawiyo iye anati anachita kuti aone ngati zonse zilimo. Anakhala chete masabata. Ndikalemba amawerenga osayankha, ndikalembanso amati ali pa ulendo. Chinandiwawa kwambiri si makhadiwo ayi, koma kundipangitsa kuoneka ngati ndikufuna kumubera pomwe ine ndi amene ndinalandira katundu wopereŵera.

Kenako, mosayembekezera, anandilembera yekha. Anavomera kuti bokosilo linali loonetsera makasitomala, anthu ankaseweretsa, ndipo makhadiwo anawapeza atasakanikirana m'bokosi la gemu ina. Anawatumiza, ndalama yotumizira analipira yekha, ndipo anandibwezera kagawo ka mtengo. Sanapepese ndi mawu enieni koma anachita zoyenera, ndipo ndikuyenera kunena zimenezo mofanana ndi mmene ndanenera zoipazo. Makhadi aja anafika m'mbali mwake mutatha pang'ono, ukawasakaniza ndi enawo umatha kuwazindikira, nde pano timatola khadi pansi pa mulu kuti wina asaone.

Gemu zotsatira zinali ngati tagula yatsopano, nkhani zomwe sitinazimvepo, mlamu uja chete kumvetsera. Ndinayambanso kuikonda zedi. Koma ndisakunamizeni, kubwereza kunabwereranso, mochedwerapo chabe, chifukwa buku lililonse lili ndi pothera. Ndipo pali china chomwe makhadi sangakonze: nkhanizi ndi zodukaduka. Munthu amene wamuthandiza raundi yachiwiri sudzamuonanso, chotsala ndi kachizindikiro ka mbiri kokwera kapena kutsika ndi katundu amene wapatsidwa. Nthawi zinanso mphotho sigwirizana kwenikweni ndi zomwe wachita, wachita chinthu chachikulu kenako wapatsidwa bowa. Pa tebulo pathu taonanso kuti munthu amene amapita kuphanga mwa apo ndi apo, kungofuna malo omangapo pansi, nkumalimbikira nyumba za mapointi, amapambana kawirikawiri kuposa wokonda nkhani, ndipo zimenezi zimandikhumudwitsa chifukwa ine ndimafuna kuti wolimba mtima azipindula. Laukat mwiniwake anapitiriza njira imeneyi mu Near and Far ya 2017, yomwe ili ndi buku la mamapu ndi ulendo wopitirira gemu zingapo, kenako Sleeping Gods ya 2021 yomwe mumasewera mogwirizana ndipo zomwe mwachita zimasungidwa pa makhadi a mawu nkudzatsegula nkhani zina kutsogolo. Amene akufuna nkhani yaitali yolumikizana ayang'ane kumeneko, ngakhale Sleeping Gods imafuna maola ambiri komanso tebulo lalikulu.

Chomwe chatipulumutsa ife ndi kuipumitsa. Tikaisiya mwezi kapena iwiri zambiri timaiwala, ndipo tikabweretsa munthu watsopano timamusiya kuti azipita kuphanga ndi iye, ife nkumawerenga mosintha mawu, kukokera pomwe pali mantha. Wowerenga wabwino amaisintha gemuyi kwambiri, wowerenga mothamanga ngati akufuna zithe amaipha ndithu.

Nde kwa mnzanga uja ndi ena onse ofunsa, yankho langa likudalira mtengo. Ngati muzisewera kamodzi kapena kawiri pa mwezi ndi anthu osinthasintha, ndalama yanu ibwerera, ine yanga ndikuona kuti yabwerera makamaka nditalandira kagawo kaja. Ngati ndinu anthu omwewomwewo sabata iliyonse, mtengo wa yatsopano ndi wokwera pa nkhani zomwe muzimaliza miyezi yochepa, bola kupeza yogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wotsika. Koma kaya yatsopano kaya yakale, musanatumize ndalama muuzeni wogulitsa awerenge makhadi a phanga pamaso panu kapena pa vidiyo, molingana ndi mndandanda wa m'kabuku. Wogulitsa wanga uja wandilembera posachedwapa kuti ali ndi Near and Far, ndamuyankha kuti ndigula ikakhala mu pulasitiki yake yosatsegula, apo ayi atsitse mtengo ndipo tiwerengere limodzi.